Timbalame tachikasu tadzaza kuseri kwa nyumba yanga, tikufuna chiyani?

Nachisale_Lincs:
Moni nonse pagulu pano. Ndimakhala pakamudzi kena ku Lincolnshire, ku England, kufupi ndi tawuni ya Louth, komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Kuseri kwa nyumba yomwe ndimachita lendi kuli kagadeni, ndipo kutsidya kwa mpanda ndi minda ya tirigu yokhayokha mpaka polekezera maso. Chiyambire kumapeto kwa Febuluwale, ndikaweruka shifiti ya usiku cha m'ma 7 koloko, ndikumapeza timbalame tikutolatola pansi pa chodyetsera mbalame chomwe anachisiya amene ankakhala muno. Mutu wake wachikasu ngati nthochi yakupsa, msana wabulauni wamizeremizere, ndipo tikauluka m'mbali mwa mchira mumaoneka moyera. Tinayamba tiwiri, lero ndawerenga 11. Disembala ndi Janyuwale yense sindinationepo. Nanga bwanji tikubwera pano pomwe kuzizira kwayamba kuchepa? Ndi mbalame yanji imeneyi, ndipo ndizitipatsa chiyani?

Mphwanga_wa_ku_Leeds:
Zimenezo ndi mpheta basi achemwali. Mpheta ndi mpheta kulikonse.

Gogo_Phwiti:
Ayi mwanawe, si mpheta wamba. Mmene mwafotokozeramu, mayi Nachisale, imeneyo ndi yellowhammer. Yamutu wowala kwambiriyo ndi yaimuna, yaikazi chikasu chake n'chozimiririka. Mukayang'anitsitsa pamwamba pa mchira muona pofiirira ngati dothi la katondo. Ndi mbalame ya m'minda, si ya pakhomo ayi. Ine ndakhala ku Manchester zaka zoposa 20 koma pagadeni panga sinateropo. Muli ndi mwayi.

Nachisale_Lincs:
Zikomo agogo. Ndayang'ana pawindo pompano, pofiirira paja palipodi. Koma funso langa lija lidakalipo: bwanji Malichi, osati pakati pa chisanu?

Mlimi_wa_ku_Fife:
Funso limenelo ndingayankheko chifukwa ndimagwira ntchito pafamu kuno ku Scotland. Chimene chazibweretsa ndi njala. Mbalame zimenezi nthawi ya chisanu zimadya njere: tirigu ndi balere wotayika pokolola, komanso njere za udzu ndi zitsamba za m'munda. Kukolola kuno kumachitika cha mu Julayi ndi Ogasiti. Ndiye taganizani, njere zomwe zinagwa pansi mu Ogasiti zikudyedwa Seputembala, Okutobala, mpaka Janyuwale. Pofika Febuluwale zatha, zotsala zaola kapena zamera. Zomera zatsopano sizinayambe kubala njere, tizilombo natonso sitinatuluke. Kuyambira Febuluwale mpaka Epulo ndiye nyengo yowawitsa, azungu amaitcha hungry gap. N'chimodzimodzi kwathu: njala siivuta mu Juni nkhokwe zili zodzaza, imavuta mu Janyuwale ndi Febuluwale chimanga chili chobiriwira m'munda koma m'nyumba mulibe ufa. Zikamafika pakhomo panu ndiye kuti kumunda kwauma.

Nachisale_Lincs:
Mwandikhudza mtima achimwene. Ine ndimaona ngati zikubwera chifukwa kunja kwayamba kukoma, kani ndi gwang'wang'wa.

Chatsalira77:
Pepani koma ndiyankhulepo. Kumudzi abale athu akugona ndi njala, thumba la chimanga lakwera mtengo, inu muli kalikiliki kugulira mbalame chakudya? Ndalama imeneyo bwanji osatumiza kwanu?

Nachisale_Lincs:
Bambo Chatsalira, kwathu ndimatumiza mwezi uliwonse, ndipo ana awiri a mchemwali wanga fizi yawo ndimalipira ndine. Kathumba ka mbewu za mbalame sikafika ngakhale mtengo wa basi yopitira kuntchito sabata imodzi. Ndikuuzeni chilungamo: kuno ndimakhala ndekha, pamudzi pano munthu wakuda ndine ndekha, ndipo ntchito yathu timaona anthu akumwalira pafupipafupi. Theka la ola lomwe ndimakhala pawindo ndi kapu ya tiyi kuyang'ana timbalameti ndi lomwe limanditsitsa mtima ndisanagone.

Chatsalira77:
Ndamva mayi. Sindinafune kukunyozani. Koma maganizo anga sanasinthe, mbalame inalengedwa kuti izidzifunira yokha.

Nangozo_Jozi:
Ikadzifunira kuti, poti mwamva kuti kumunda kulibe kanthu?

Mphunzitsi_Wopuma:
Ndiwonjezere pa zomwe anena achimwene a ku Fife, chifukwa nkhaniyi ndi yakuya kuposa njala ya chaka chimodzi. Kale ku Britain alimi ambiri akakolola ankasiya ziputu m'munda chisanu chonse, n'kudzalima ndi kufesa cha mu Malichi. Mziputumo ndi momwe mbalame zinkadya. Kuyambira zaka za m'ma 1970 ulimi unasintha. Anayamba kufesa tirigu mu Seputembala ndi Okutobala, ndiye akangokolola thalakitala ikulowa, ziputu zonse n'kukwiriridwa. Mankhwala ophera udzu anachotsa zitsamba zobala njere, mankhwala ophera tizilombo anachepetsa mbozi ndi ziwala zomwe anapiye amadya, makina okololera amakono sataya njere zambiri ngati akale, ndipo mipanda yambiri ya zitsamba anaizula kuti minda ikule.

Zotsatira zake boma la kuno lenilenilo limazilemba chaka ndi chaka: mbalame za m'minda zatsika ndi pafupifupi 60 pa 100 zilizonse kuchokera mu 1970. Yellowhammer yatsika kuposa theka ndipo ili pamndandanda wofiira wa mbalame zodetsa nkhawa. Tree sparrow, kampheta ka chipewa chabulauni ndi kadontho kakuda patsaya, kanatsika kuposa 90 pa 100. Njiwa ya mtundu wa turtle dove ndiye yatsala pang'ono kutheratu. Choncho mayi Nachisale, 11 zomwe mwawerengazo si zochepa. Koma tisadzinamize kuti gadeni ingalowe m'malo mwa munda. Magadeni amathandiza mbalame zomwe zili pafupi ndi midzi, koma zochuluka zili kutali komwe kulibe wozimwazira kanthu.

Mlimi_wa_ku_Fife:
Aphunzitsi, zonse mwanenazo n'zoona, koma tisamangoloza chala mlimi. Abwana anga amakonda mbalame kuposa ambiri a ife pano. Koma tirigu wofesa chisanu chisanayambe amabereka kwambiri kuposa wofesa mu Malichi, ndipo mitengo yomwe ogula amapereka siilola munthu kusiya munda uli gone. Amene tikufuna buledi wotchipa mu shopu ndi ife tomwe. Komanso alipo alimi ambiri omwe akuyesetsa. Pafamu pathu timasiya kachigawo m'mphepete mwa munda komwe timafesa mbewu zosakaniza zoti mbalame zidye, sitikolola. Boma limalipirako pang'ono pa zimenezi. Mu Janyuwale mukafika pamenepo mupeza chigulu cha yellowhammer, linnet ndi reed bunting, mpanda wonse uli waa chikasu.

Mphunzitsi_Wopuma:
Sitikutsutsana achimwene. Bungwe loteteza mbalame la RSPB linagula famu ku Cambridgeshire m'chaka cha 2000, amaitcha Hope Farm, cholinga chake kuonetsa kuti munthu angathe kulima tirigu mopeza phindu mbalame zikuchulukanso. Ndipo zinachulukadi. Vuto ndi loti mafamu otere sanafike poti n'kusintha dziko lonse.

Mphwanga_wa_ku_Leeds:
Ine kunena zoona ndikamva za gulu la mbalame 11 pamalo amodzi ndikukumbuka legeni yanga. Kwathu ku Ntcheu tikadateka ulimbo pamenepo, madzulo ndiwo zilipo.

Gogo_Phwiti:
Mwanawe usayerekeze kuno. Lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kupha mbalame zakutchire, kutenga mazira ake, kapena kuwononga chisa chomwe chikugwiritsidwa ntchito. Ulimbo ndi woletsedwa. Ukhoza kupezeka kukhoti, ndipo kwa ife a mapepala a viza mlandu uliwonse ndi woopsa.

Mphwanga_wa_ku_Leeds:
Ndimangokumbuka ubwana agogo, sindingachite. Koma musandiuze kuti inu simunadyepo mpheta yootcha.

Gogo_Phwiti:
Ndinadya, ndipo alongo anga anali akatswiri pa legeni. Koma analinso kudziwa mbalame iliyonse ndi kulira kwake: pumbwa, timba, phwiti, mnthengu, atchete omwe amaluka zisa m'bango. Ankadziwa yomwe imaikira pansi ndi yomwe imaikira m'mphako. Zomwe azungu amaphunzira ndi mabuku ndi magalasi oonera patali, anyamata a kwathu ankazidziwa pobusa mbuzi. Chimandipweteka n'choti adzukulu anga a ku Lilongwe sangatchule mayina a mbalame asanu m'Chichewa.

Mbadwa_ya_Nsanje:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Inu a kunja mukudandaula kuti mbalame zikuchepa, ife kuno ku chigwa cha Shire tikulira kuti zachuluka. Mapira akayamba kukhwima kumabwera timbalame tamilomo yofiira tija, a zaulimi amati quelea, timabwera ngati mtambo. Ana amajomba kusukulu kukakhala pansanja kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, kuimba zitini ndi kukuwa. Ukangochokapo ola limodzi munda wapita. Ndiye mukamati tidyetse mbalame, kwa ine zikumveka zachilendo zedi.

Nachisale_Lincs:
Ndikukumvetsani bambo, nanenso ndinaingitsapo mbalame m'munda wa mpunga wa agogo anga ku Nkhotakota. Sindinganene kwa mlimi wa ku Nsanje kuti azimwaza mapira pabwalo.

Mphunzitsi_Wopuma:
Ndi nkhani ziwiri zosiyana. Quelea akuti ndiyo mbalame yakutchire yochuluka kuposa ina iliyonse padziko lapansi, ndipo imayenda m'magulu a zikwizikwi. Yellowhammer nthawi yoswa imakhala iwiriiwiri, banja lililonse ndi chigawo chake cha mpanda, ndipo anapiye ake imawadyetsa mbozi ndi tizilombo ta m'munda momwemo. Koma bambo a ku Nsanje, funsani akuluakulu kwanuko ngati nkhwali ndi nkhanga zikupezeka monga kale. Kwathu ku Dedza, chitentherenitchire posaka mbewa ndi kudula mitengo ya makala kwachotsa mbalame zambiri zomwe ndinkaziona ndili mwana.

Mbadwa_ya_Nsanje:
Pa nkhanga mwanena zoona. Zinasowa.

Nangozo_Jozi:
Ndikhoteko pang'ono. Nyengo imeneyi ya Malichi ndi Epulo ku Ulaya, yomwe amati spring, m'Chichewa tiziti chiyani? Ndimaona ena akulemba kuti masika.

Gogo_Phwiti:
Masika ayi! Masika ndi nthawi ya zokolola, dzungu, mondokwa, mtedza wauwisi. Kuno mu Epulo m'munda mulibe chodya.

Mlimi_wa_ku_Fife:
Chisokonezo chimabwera chifukwa miyezi yake ndi yomweyo. Kwathu Epulo ndi masika, kuno Epulo ndi pomwe mitengo ikuphukira. Ine ndimati nyengo ya mphukira, monga kwathu cha mu Seputembala mitengo ya tsamba ndi mombo ikamatulutsa masamba ofiira mvula isanagwe.

Nangozo_Jozi:
Mphukira ndagwirizana nayo. Bwererani ku mbalame zanu.

Namwino_wa_ku_Norfolk:
Palibe amene wayankha funso la mayi Nachisale la chakudya, ndiye ndiyankhe poti ndakhala ndikudyetsa mbalame zaka zisanu ndi chimodzi pamudzi pomwe ndimakhala. Yellowhammer siikonda kulendewera pa chodyetsera, imadya pansi. Gulani mbewu zosakaniza zokhala ndi tirigu, mawere oyera ndi mpendadzuwa wosenda. Mwazani pang'ono m'mawa, zoti zithe tsiku lomwelo, pamalo oyera koma osatalikira mpanda, kuti kabawi wa kuno, sparrowhawk, akatulukira zithawire m'zitsamba. Musayandikitsenso kwambiri pachitsamba chifukwa m'menemo ndi mobisala amphaka.

Chachikulu ndi ukhondo, ndipo apa ndikulankhula zondichitikira. Chaka changa chachiwiri ndinayamba kuona mbalame zobiriwira zija, greenfinch, zitakhala duu, nthenga zili nyankhalala, kukamwa kuli konyowa, zikulephera kumeza. Sabata imodzi ndinatola zakufa zitatu. Ndi matenda otchedwa trichomonosis, amagwira kukhosi ndipo amafala kudzera m'malovu pachakudya ndi m'madzi. Anayamba kuoneka mwa mbalame zamtunduwu kuno cha m'ma 2005, ndipo apha greenfinch zochuluka moti mu 2021 inalowa pamndandanda wofiira. Ndinalira tsiku limenelo, chifukwa malo omwe ndinkati ndikuzithandiza ndi omwe zinkapatsirana matenda. Chiyambire pamenepo chodyetsera ndimatsuka sabata iliyonse, madzi ndimasintha tsiku ndi tsiku, ndipo pomwazira mbewu ndimasinthasintha. Mukaona imodzi yodwala, siyani kudyetsa kwa masabata angapo kuti zibalalike.

Chatsalira77:
Mwaona? Si ndinanena ine kuti zisiyeni zidzifunire zokha? Mukuzisonkhanitsa pamodzi kenako zikufa.

Namwino_wa_ku_Norfolk:
Pamenepo muli ndi mfundo bambo, sindikana. Akatswiri enieniwo akukangana za kudyetsa mbalame m'magadeni, ena akuti kumapindulitsa mitundu yomwe ili kale yambiri. Koma pa mbalame za m'minda m'miyezi iwiri itatu ya njalayi, ine ndimaona kuti phindu lake likuposa vuto, bola ukhondo.

Mayi_a_Tadala:
Nkhani ya makoswe bwanji simukuitchula? Ine ndinamwaza mbewu pansi mwezi umodzi wokha, aneba anaona khoswe n'kukandinenera kwa alandilodi. Ndinalandira kalata yondichenjeza. Ngati nyumba ndi ya lendi samalani.

Namwino_wa_ku_Norfolk:
N'chifukwa chake ndati pang'ono, m'mawa. Pofika madzulo pasakhale chotsala. Khoswe amabwera pomwe chakudya chagona.

Nachisale_Lincs:
Zikomo nonse. Ndatsuka chodyetsera ndi madzi otentha, chinali chakuda mkati moti ndadabwa kuti sizinadwale. Ndagula mawere ndi tirigu. Lero kunabweranso ina yamutu wakuda bii ndi kolala yoyera m'khosi ngati abusa. Imeneyo ndiye iti?

Gogo_Phwiti:
Reed bunting yaimuna. Ndi pachibale ndi yellowhammer. Imaswera m'madambo ndi m'ngalande, ndipo nayonso imafika m'magadeni nyengo yomweyi. Ikani pulogalamu ya Merlin pafoni, ndi yaulere, imamvetsera kulira kwa mbalame n'kukuuzani dzina. Nthawi zina imaphonya, ndiye muzitsimikiza ndi maso.

Wa_ku_Zomba_Plateau:
Ndili ku Malawi konkuno ndipo ndimaperekeza alendo okaona mbalame. Mayi Nachisale, mbalame yanuyo ili ndi abale ake kuno. Golden-breasted bunting ndi Cabanis's bunting ndi za mtundu umodzi ndi yellowhammer, zachikasu pachifuwa, mutu wamizere yakuda ndi yoyera, zimapezeka m'nkhalango za miombo ndipo nazo zimadya pansi. Dziko lathu laling'ono lomweli lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650. Azungu amalipira ndege kudzaona zomwe ife timangozidutsa. Amene muli kumudzi ndipo mukufuna kuyamba, bungwe loteteza nyama zakutchire ndi chilengedwe la WESM lili ndi nthambi m'mizinda ingapo komanso makalabu m'sukulu.

Ndipo pali mbalame imodzi yomwe tonse timagawana: namzeze wa kukhosi kofiira. Amafika kuno cha mu Okutobala mvula ikamayandikira, ndipo pano akusonkhana pamawaya a magetsi kukonzekera ulendo wa kumpoto. Pofika pakati pa Epulo kuno sitimuonanso.

Mphunzitsi_Wopuma:
Ndipo mu Epulo momwemo ndi pomwe amafika ku Britain. Anamzeze a kuno amakathera chisanu ku South Africa. Zinadziwika pomwe mmodzi yemwe anamuveka kamphete kumwendo ku Staffordshire mu 1911 anakapezeka ku Natal mu Disembala 1912. Kambalame kolemera ngati magalamu 20, kuoloka chipululu cha Sahara kawiri pachaka.

Nangozo_Jozi:
Ndiye kuti omwe ndimawaona kuno ku Gauteng nthawi ya Khirisimasi mwina ndi a kwa mayi Nachisale.

Mayi_a_Tadala:
Namzeze ndiye wa matchona weniweni, koma iye amapita kwawo chaka chilichonse. Ine zaka zinayi tsopano ndisanaponde pa Chileka.

Gogo_Phwiti:
Limbani mtima mayi a Tadala, mudzapita.

Mlimi_wa_ku_Fife:
Chinthu china mayi Nachisale: mpanda wa kuseri kwanuwo musaudule tsopano. Ku England ndi kuno komwe, alimi saloledwa kudula mipanda ya m'minda kuyambira pa 1 Malichi mpaka pa 31 Ogasiti chifukwa cha zisa. Yellowhammer imamanga chisa pansi penipeni, m'udzu wa patsinde pa mpanda kapena m'mphepete mwa ngalande, ndipo imaswa mochedwa, ena amakhala ndi anapiye mpaka kumayambiriro kwa Seputembala. Ngati alandilodi akufuna gadeni yometa bwino, apempheni kuti kamzere ka udzu ka kumpandako akasiye. Kumeneko ndi komwe kumachokera ziwala zodyetsera ana.

Nachisale_Lincs:
Ndalankhula nawo alandilodi, ndi mayi wachikulire wobadwira pamudzi pompano. Nditatchula yellowhammer nkhope yawo inasintha. Akuti ali mtsikana ankaimva pampanda uliwonse popita kusukulu, ndipo anandiimbira mmene ana a kuno amatsanzirira kulira kwake, mawu onena za kabuledi pang'ono popanda tchizi. Akuti papita zaka asanaione pafupi. Abwera Loweruka m'mawa kudzakhala nane pawindo. Udzu wa kumpanda avomera kuti usadulidwe.

Chatsalira77:
Chabwino, apa ndagonjako pang'ono. Koma chimanga kumudzi muzitumizabe.

Nachisale_Lincs:
Osadandaula bambo, cha mwezi uno chapita kale.

Namwino_wa_ku_Norfolk:
Muzilemba zomwe mukuona. Bungwe lofufuza za mbalame la BTO lili ndi kalembera wa mbalame za m'magadeni, Garden BirdWatch, yemwe anayamba mu 1995, anthu amatumiza sabata iliyonse. Palinso wa RSPB wa ola limodzi kumapeto kwa Janyuwale. Manambala omwe aphunzitsi atchula aja amachokera kwa anthu wamba ongodzipereka kuwerenga.

Nachisale_Lincs:
Ndabweranso patapita masabata asanu kuti ndikuuzeni mmene zilili. Pakati pa Epulo zinafika 14, ndiye zinayamba kuchepa: 9, kenako 4, sabata yathayi ziwiri zokha, dzulo ndi lero palibe. Poyamba ndinada nkhawa kuti mwina zadwala, ndinafufuza pansi pa mpanda monse koma sindinapeze yakufa. Lero pobwera kuntchito ndinatsika basi siteji imodzi ndisanafike kwathu n'kuyenda wapansi m'kanjira ka pakati pa minda. Ndinamva kulira kuja, ti-ti-ti-ti-ti-tiii, ndipo nditakweza maso inali pamwamba penipeni pa chitsamba cha hawthorn, mutu uli ngwee padzuwa. Nditayenda pang'ono ndinamva ina, kenako yachitatu kutsidya kwa ngalande. Merlin anavomereza zonse zitatu. Anamzeze nawo afika, awiri akulowa ndi kutuluka m'khola lakale la pafamu yoyandikana nafe.

Mlimi_wa_ku_Fife:
Zabwerera kumunda, zagawana mpanda. Mbewu zotsalazo sungani pouma, m'chigubu chotseka bwino.

Wa_ku_Zomba_Plateau:
Kuno mawaya ali mbee, anamzeze onse anapita. Mutiuze akaswa kuti anapiye ndi angati.